Achimwene, ndawerenga mbalame osadyako ndi imodzi yomwe

Manchester
27 Januwale 2025

Achimwene a Mbewe,

Kalata yanu yandipeza. A Lameck anabwera nayo Lachitatu pamodzi ndi usipa ndi botolo la Nali, koma botololo linatayikira m'chikwama, moti tsamba lachiwiri ndaliwerenga ndikuyetsemula. Mawu ena afufutika. Pomwe mwalemba za ng'ombe ya a Chisale sipakuoneka ngati inafa kapena inabereka, ndiye mundiuzenso ndisanawapepese pachabe. Ine ndili bwino, kupatula zala ndi mawondo. Kaya inu, alamu ndi ana?

Mwafunsa kuti ndimatani ndikakhala kuti sindili kuntchito, poti kuno bawo kulibe, khonde la a Gama kulibe. Ndikuuzani, koma mulonjeze kuti Yohane simumuwerengera kalatayi, chifukwa akangomva iyeyo ndiye kuti pa Kamwendo ponse amva. Dzulo m'mawa, nditangoweruka shifiti ya usiku, ndinakhala pazenera la kukhitchini ola lathunthu, pensulo kumanja, ndikuwerenga mbalame. Ee, mbalame zomwezi. Kuwerenga kokha, osagenda. Ine yemwe uja ndinamaliza mpheta za m'dimba la agogo anu, amene legeni inkagona nane pamphasa.

Wandikokera m'zimenezi ndi mdala wa chipinda chakumapeto ku nyumba ya okalamba kumene ndikugwira ntchito, uja ndinakuuzani kuti phala lopanda mchere amalikankhira kutali. Mutu wake umabwera n'kupita. Dzina langa amandifunsa usiku uliwonse, mwana wake weniweni nthawi zina amamuyesa nesi, koma pa nkhani ya mbalame sasochera ngakhale pang'ono. Chichokereni Khirisimasi wakhala akundikumbutsa kuti kumapeto kwa Januwale kuli Big Garden Birdwatch, ndipo munthu wamoyo sayenera kuphonya. Ndi kalembera wa mbalame, achimwene. Amakonza ndi a bungwe loteteza mbalame la RSPB. Kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, aliyense wofuna amasankha ola limodzi, n'kukhala pazenera kapena kupaki, n'kulemba mbalame zomwe waona, kenako n'kutumiza pa intaneti. Salipira, sakulipira, ndipo palibe amene amabwera kudzaona ngati wanama.

Malamulo ake ndi ochepa koma ndi okhwima. Youluka kudutsa m'mwamba siwerengedwa, mpaka itere. Ndipo sumawonkhetsa. Ukaona mpheta zitatu, zikapita, kenako kukabwera ziwiri, sulemba zisanu ayi, umalemba zitatu, chifukwa mwina ndi zomwezija zangozungulira nyumba. Umalemba chiwerengero chachikulu chomwe waona nthawi imodzi, basi. Ngakhale ukhale ola lonse osaona kanthu, akuti utumizebe kuti sindinaone, chifukwa nazonso ndi nkhani. Lamulo losawonkhetsali muligwire bwino, ndi limene landisowetsa tulo.

Musaganize kuti ndi masewera a anthu ochepa osowa chochita. Chaka chatha anawerenga anthu opitirira 600,000, ndipo mbalame zinakwana 9.7 miliyoni. Mu 2021, nthawi ya Covid anthu atatsekeredwa m'nyumba, anapitirira miliyoni. Zinayamba mu 1979 ngati ntchito ya ana, anailengeza pa pulogalamu ya ana ya pa TV yotchedwa Blue Peter, ndipo akuluakulu anawalowetsa mu 2001. Mdalayu akuti chaka choyambacho anawerenga ndi mwana wake wamkazi, yemweyo amamuyesa nesi lero.

Tsono kabwalo kathu kakuseri musakaganizire zazikulu. Ndi simenti, mabini a zinyalala, njinga yopanda tayala ya munthu amene anasamuka kale, ndi mpanda wa matabwa umene chimphepo cha Lachisanu, chija anachitcha Éowyn, chinaupendeketsa. Kwathu kuno chinangotipatsa moni, chinakasakaza kwambiri ku Ireland ndi ku Scotland. Pakhoma pali chomera china choyanga chomwe sichiyoyola masamba, ndipo m'menemo ndi momwe mumagona mpheta. Ndinapachika kachitini ka waya kodzaza mtedza ndi kabotolo ka mpendadzuwa pa chingwe choyanikira zovala. Kuno dzuwa likutuluka cha m'ma 8 koloko, ndipo isanakwane 5 madzulo kuli kale bii, ndiye mbalame zimadzuka ndi njala yoopsa, usiku wonse zakhala zikuwotcha mafuta a m'thupi kuti zisaume.

Poyamba kunali zii. Ndinakhala ndwii, tiyi n'kuzizira, maso akulemera ndi tulo. Kenako panatera kambalame kofiira pachifuwa kamene amati robin, pa chivundikiro cha bini. Kamayang'ana munthu m'maso, achimwene, kopanda mantha ndi pang'ono pomwe, kupendeketsa mutu uku ndi uku. Miyendo yake ndi yopyapyala moti umadabwa kuti kakuima bwanji pa chisanu chotere. Kanafufumitsa nthenga kukhala kozungulira, kanatola njere imodzi, psiti. Kenako tiwiri ta mutu wabuluu ndi mimba yachikasu, ma blue tit, timene timadya titazondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba, kugogoda mtedza kudzera m'mabowo a waya. Blackbird mmodzi, wakuda bii ndi mlomo wachikasu, ankatembenuza masamba owola pakona. Mpheta zinatuluka zinayi, zikukangana, zomwe zija zimamanga zisa m'madenga a magolosale ku Boma. Ma magpie awiri, akuda ndi oyera, a mchira wautali. Amenewa azungu ena amawaopa akakhala mmodzi, mayi wina kuntchito amachita kumupatsa sailuti kuti tsoka limupitirire. Ndiye mukamamva akutiseka za kadzidzi, muzingoti chabwino.

Kenako anafika a Gulupu.

Ndi njiwa ya kutchire, imene kuno amati woodpigeon. Achimwene, simunaione njiwa inu. Imalemera theka la kilo, chifuwa chotuwira mofiirira, banga loyera m'khosi, ndipo ikamatera pampanda matabwa amalira. Dzinali ndinawapatsa mwezi watha chifukwa amafika mochedwa, amayenda mosathamanga, amadya poyamba, ndipo akachoka sipatsala kanthu. Pa kachitini sangakwanepo, ndiye amaima pansi pake kudikira kuti ana ang'ono agwetse, kenako amawathamangitsa anawo n'kutolera zonse.

Vuto nali. Kuseri kwathu kumabwera njiwa zitatu. Ndikuzidziwa bwino, ina imatsimphina, ina ndi yaing'ono ilibe banga m'khosi, ndiye a Gulupu. Dzulo zonse zitatu zinabwera m'kati mwa ola lija. Koma a Gulupu salola mnzawo kutera iwo ali pomwepo. Yotsimphina ikati itere, iwo nayo, mapiko phaphapha, mpaka kwa aneba. Iwo akakwera padenga kukapuma, yaing'ono imatera mwakabisira, iwo akatsika iyo yathawa. Ola lonse sindinaone njiwa ziwiri zitaponda pansi nthawi imodzi. Ndiye pa fomu ndalemba chiyani? Imodzi. Lamulo ndi lamulo. Tsono panopa ku likulu la RSPB, ku Sandy m'chigawo cha Bedfordshire, makompyuta akudziwa kuti kuseri kwa nyumba yathu kuli njiwa imodzi, pamene ine ndikudyetsa zitatu. A Gulupu adya chakudya, adyanso mayina a anzawo m'kaundula. Mwaiona nkhaniyo? Mpaka kuno, achimwene, mpaka ku Ulaya! Mu Epulo akamadzatulutsa zotsatira, mukadzamva kuti njiwa zachepa ku Britain, mudzadziwe kuti mlandu uli pa Manchester pano. Chaka chatha zinali pa nambala 4, kumbuyo kwa mpheta, blue tit ndi starling. Zikatsika ndidzadziwa wochititsa.

Ndinamufotokozera mdala uja usiku wathawu, ndikumusintha zofunda. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti aliyense ali ndi njiwa yake yotero, ndipo poti onse akutsata lamulo limodzi chaka ndi chaka, kusowa kwa ziwiri zangazo sikusokoneza kanthu, chofunika n'kuyerekeza chaka chino ndi zaka zam'mbuyo. Ndinamva, koma mtima sunakhazikike. Yotsimphina ija ndi imene ikufunika kulembedwa kuposa onse.

Ndipo sizinathere pomwepo. Ola litatsala pang'ono kutha, a Gulupu anabwera kudzatera pa zenera penipeni, galasi lokha pakati pathu. Akulu anati mbalame ikatera pauta silasika. Ndinaiona pafupi, diso lachikasu, mafuta akuchita kugwedezeka pachifuwa. Dzanja langa, lokha, osalituma, linakwera mpaka patsaya, lina kutsogolo, diso limodzi kutsinzina. Zaka zonsezi thupi silinaiwale. Nditatembenuka, katani ya gogo wa nyumba yoyandikana nayo inali ikugwedera. Anandiona, achimwene. Munthu wakuda, maso ofiira ndi tulo, akuloza njiwa ndi legeni ya m'malere. Mnyamata wa ku Kerala, ku India, amene timakhala naye anali pakhomo la khitchini ndi kapu yake, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi. Iyeyo ndiye anandiuza kuti kuno kuli lamulo la 1981 loteteza mbalame zonse zakutchire, zisa ndi mazira omwe. Njiwazi alimi amaloledwa kuziwombera zikamawononga mbewu, ndipo nyama yake imagulitsidwa m'malesitilanti odula, pachifuwa pokha, kagawo kakang'ono pakati pa mbale yaikulu. Koma iwe wamba kuigenda kuseri kwa nyumba chifukwa walakalaka msuzi, ndi mlandu.

Chiyambire dzulo galimoto ikaima panja ndikumasuzumira. Ndikuganiza kuti gogoyo waimba foni. Tangoganizani, munthu unagulitsa njinga yamoto ndi ng'ombe ziwiri, unakongola kwa a Nachisale, unalemba mayeso a Chingerezi ngati mwana wa Fomu 2, ndiye utsike ndege pa Lumbadzi ndi jumbo limodzi, anthu afunse kuti chachitika n'chiyani, yankho likhale loti njiwa. Njiwa yoti sunaidye n'komwe! Yohane angapeke nyimbo. Abusa angailowetse mu ulaliki. Ana anu kusukulu angamandiloze. Ndaganiza zomugulira gogoyo mabisiketi, koma mnyamata wa ku Kerala akuti zimenezo ndiye zingaoneke ngati chiphuphu. Lero m'mawa ndinamupatsa moni pamabini, anayankha bwinobwino, anafunsa ngati ndinaona timbalame tina totchedwa goldfinch. Ndikuti akundifufuza.

Za mayi a Tadala zija zakanika. Ife osamalira okalamba amene tinalowa pambuyo pa Malichi chaka chatha sitiloledwa kubweretsa mabanja. Ndinawauza pafoni, sanayankhe kanthu, anangofunsa ngati ndikudya. Tisiye pomwepo.

Chimene chikundinyansa kwambiri masiku ano ndi gologolo. Wotuwa, wonenepa, amayenda pa chingwe choyanikira zovala ngati anachilipirira, ndipo wadula kale waya wa kachitini. Pa fomu amafunsanso za nyama zina zomwe umaziona, koma malo odandaulira palibe. Mwini nyumba nayenso watumiza uthenga woti njere zogwa pansi zikuitana makoswe, pamene hita ya kuchipinda kwanga wakhala akulonjeza kukonza chichokereni Novembala. Ndimagona ndi jekete ndi masokosi awiriawiri. Makoswe akuwaona ali kutali, koma munthu wonjenjemera m'nyumba mwake samuona. Nsapato zomwe ndinagula zija zikulowanso madzi chakuchala.

Mtedza ndimagula m'sitolo ya ziweto. Pa thumba analembapo kuti unayezedwa, ulibe chuku. Ndinaima nalo thumbalo m'manja nthawi yaitali. Mukukumbuka mmene tinkasankhira mtedza pa mkeka kwa amayi anu, wabwino wa kumsika, wonyala ndi wakuda uja n'kutsala wa nsinjiro zathu? Kuno ngakhale mpheta saipatsa umenewo, akuti chuku chimawononga chiwindi. Ife tinakulira womwewo. Ndiye mwalemba kuti chimanga chakwera moti a Nabanda akudya kamodzi, kuti feteleza wobereketsa simunamupeze, kuti mafuta a galimoto anthu akugonera pamzere. Januwale ndimamudziwa ine, sindinaiwale. Ndipo ine mwezi womwewo ndikuthira mpendadzuwa m'botolo kuti a Gulupu anenepe. Ndawerengera kuti ndalama ya thumba limodzi ikanagula chiyani pa Kamwendo, kenako ndinasiya kuwerengera. Ndatumiza kangachepe kudzera kwa a Lameck, mugawireko a Nabanda, musawauze kuti kachokera kwa ine, angayambe kundiyimbira usiku ndili pantchito. Koma kudyetsa mbalamezi sindisiya, ndikuuzeni zoona. M'nyumba muno aliyense ali ndi shifiti yake, timangodziwana ndi mbale zakuda mu sinki. Zamoyo zimene zimandidikira m'mawa ndi zimenezi.

Ngakhale kudyetsako nakonso kuli ndi mlandu wake. Mdala anandilangiza kuti ndizitsuka kachitini sabata iliyonse ndi kusintha madzi tsiku ndi tsiku. Kuli matenda a pakhosi otchedwa trichomonosis amene anayamba kupha timbalame cha m'ma 2005. Kambalame kamatupa kummero, kamalephera kumeza, kamalavula njere, kanzake n'kutola. Mtundu wina wobiriwira, greenfinch, unatha kwambiri moti mu 2021 anauika pa mndandanda wofiira wa mbalame zomwe zili pangozi. Mwezi uno a RSPB asiya kugulitsa matebulo odyetserapo mbalame, poopa kuti pamalo afulati ndi pomwe matendawa amafalikira. Ndipo akatswiri akuganiza kuti matendawa anachokera kwa yani? Kwa njiwa. Ndinangoti ndinadziwa ine.

Tsiku lina ndili pa ofu ndinakwera basi kupita ku Didsbury, kummwera kwa mzinda uno, chifukwa mdala anandituma kuti ndikaone pomwe zonsezi zinayambira. Ndi paki yotchedwa Fletcher Moss. M'menemo muli nyumba imene munkakhala mayi wina, Emily Williamson, amene mu 1889 anasonkhanitsa amayi anzake kuti akane zipewa zokongoletsedwa ndi nthenga, poti mbalame zinkaphedwa zambirimbiri chifukwa cha fashoni. Bungwe la akatswiri a mbalame la nthawi imeneyo silinkalola akazi, ndiye iwo anangoyambitsa lawo, ndipo ndi limeneli linakula kukhala RSPB. Muwauze alamu, akondwa. Kumunsi kwa pakiyo kunali matope okhaokha, mtsinje wa Mersey unasefukira pa 1 Januwale mpaka anthu ena kuwasamutsa ndi mabwato. Ndiye m'mitengo yopanda tsamba ndi limodzi lomwe ndinamva phokoso, kuyang'ana, zinkhwe! Zobiriwira, milomo yofiira, michira yaitali, zikulalata pa chisanu. Makolo awo anathawa m'makola a anthu, ndipo zinangokhazikika. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali, sizikuoneka kuti zikudandaula ndi nyengo. Mwina hita zawo zimagwira.

Mwalemba kuti anamzeze adzaza pa mawaya a kusukulu kwanu ndipo akuipitsa njinga za aphunzitsi. Muwachitire ulemu, ndi alendo ochokera kutali. Amenewo amaswa ku Ulaya ndi ku Asia, amabwera kwathu kuthawa chisanu chomwe ine ndinachita kuchilipirira ndege. Kuno panopa kulibe ndi mmodzi yemwe, adzayamba kuoneka mu Epulo. Mdala anandiuza kuti kale azungu ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa madamu mpaka kutenthe. Kenako wina anamuveka kamphete kumwendo namzeze ku Staffordshire, kuno ku England, mu 1911, ndipo mu Disembala 1912 anakapezeka ku Natal, ku South Africa. Kanthu kosakwana m'dzanja, kopanda pasipoti, kopanda visa, ndipo kamapita ndi banja lonse.

Chinthu chimodzi chandikhala pamtima. Mpheta yakhala pa nambala 1 kwa zaka zoposa 20, koma ziwerengero zikusonyeza kuti chichokereni 1979 zachepa ndi pafupifupi 60 pa 100 zilizonse. Ma starling achepa ndi zoposa 80 pa 100. Ine dzulo sindinaone ndi mmodzi yemwe, pamene mdala akuti kale ankadetsa kapinga yense. Amatchula zifukwa zambiri, ulimi wa mankhwala umene wachepetsa tizilombo todyetsa ana, nyumba zatsopano zopanda mipata ya zisa, mabwalo amene anthu anawathira simenti kuti aziimikapo galimoto. Anthuwa mbalame zawo zikutha, koma akudziwa kuti zatha zingati, chifukwa ana ndi agogo anakhala pazenera n'kulemba. Ndiye ndinayamba kuganiza za dambo lathu la ku Bua. Nkhwali munazimva liti komaliza, achimwene? Nanga nkhanga zija zinkatidzidzimutsa tikamapita kukaweta? Ndisanachoke ndinadutsa pa msitu wa kumanda, ndi pokhapo pomwe panatsala mitengo, kwina konse fodya ndi makala zinamaliza. Sindikumbuka kuti ndinamva pumbwa. Mwina analipo, sindinkamvetsera. Ulimbo wathu uja tinkagwira zingati pa tsiku? Ife tinkawerenga pogawana pokha, iwe mutu ine chifuwa, ndipo ndimakumbukabe kuti munkandibera.

Ndiye ndili ndi pempho, ndipo musaseke. Loweruka lina m'mawa mutenge ana a Sitandade 7, muwakhazike pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, ola limodzi, aliyense ndi pepala. Malegeni muwalande kaye pageti, makamaka mwana wa Yohane. Alembe m'Chichewa momwemo, timba, pumbwa, chingolopiyo, khwangwala, chilichonse chotera, osawonkhetsa. Pepalalo mulisunge mu kabati ya ahedi, chaka chamawa mudzabwereze. Kolitumiza kulibe, mungonditumizira ine pa WhatsApp ya alamu poti yanu mwati inagwera m'chitsime. Ahedi akafunsa muwauze kuti ndi masamu.

Za chiliza cha bambo ndamva, mwachita bwino kuwaletsa amalume kugula simenti nthawi ya mvula. Tidzakambirana ndikapeza tchuthi, kaya ndi liti. Tadala akuti akufuna nsapato za mpira, mumuuze kuti ayambe wakhoza masamu. A Lameck akunyamuka Loweruka, ndiye kalatayi ndiyenera kukawapatsa mawa ndisanagone, ndipo pepala ndi lomalizali, kuseri kwake kuli mndandanda wa mashifiti anga, musadabwe. Nthawi yathanso, basi ya 7 ikandisiya ndiye kuti ndiyenda wapansi ndi nsapato zobowokazi. Ndimafuna ndikuuzeninso za loto lomwe ndinalota Lachinayi, tili ku dambo inu ndi ine ndi malemu Fanuel, iye atanyamula khola lija la mapesi, koma m'kati mwake munali

Gologolo wabweranso pa chingwe. Ndidzamaliza ulendo wina.

Wanu,
Zuze